Wakuba wa M'buku Langa

Ine Bempah ndinayamba ndi kugulitsa mabatire pathireyi kumsika wa Kejetia mumzinda wa Kumasi, lero ndili ndi malole khumi ndi anayi. Ku Hamburg ndinadya ndi eni sitima zapamadzi. Ku Guangzhou ogulitsa matayala amandiitana dzina ndisanatsike m'galimoto. Chinatsala n'kulemba buku basi, ndipo ndinalimaliza m'miyezi inayi: nkhani ya wapolisi wofufuza milandu, wochenjera ngati ine ndemwe.

Sindinavutike ndi kupeka. Ndinatenga mlandu wanga weniweni wa matumba makumi atatu a koko wopangira chokoleti amene anabedwa m'nyumba yanga yosungiramo katundu zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Amene anamangidwa anali mlonda wanga Akolgo, wa kumpoto ku Bolgatanga, ndipo anakhala kundende zaka zitatu, ine ndili mboni yaikulu. Ndinalemba zonse mmene zinachitikira, poti mutu wanga suiwala kanthu.

Kutatsala sabata kuti tikaonetse bukulo kuhotelo, ndinalipereka kwa a Gyamfi, achimwene a mkazi wanga, amene anafufuza milandu kupolisi zaka makumi atatu. Ndinkafuna adzandiyamikire pagulu. Patapita masiku awiri ndinawapeza pakhonde akudya fufu, nsima yathu ya chinangwa, buku lili pambali, lodzaza ndi mizere ya pensulo.

"Mwaona, alamu?" ndinatero. "Apolisi anu akanakhala ngati wanga uyu, ndende zikanadzaza."

"Zinadzaza kale chifukwa cha apolisi ngati wanuyo. Khalani pansi, a Hamburg."

Ndinakhala, ndikuseka.

"Wapolisi wanu amavala bwino," anatero a Gyamfi. "Koma amugwira mlonda chifukwa chiyani?"

"Anathawa. Munthu wosalakwa amathawa?"

"Wa kumpoto, wopanda mbale mu Kumasi muno, anthu akukuwa kuti wakuba? Nanenso ndikanathawa, ndi mawondo angawa. Ife sitinkayamba ndi wothawa. Tinkayamba ndi amene anafika pamalo koyamba. M'buku mwanu ndi ndani?"

"Mphwake wa mwini katundu."

"Ndiye kuti Oduro wanu."

Oduro ndi mwana wa mlongo wanga, amene mwa mwambo wathu adzatenge zonse zanga. Lero ndiye amayendetsa malole.

"Oduro anabwera ndi loko wodulidwa m'manja, kudzandidzutsa," ndinatero.

"Mwalemba choncho, inde. Nanga amene anamuona lokoyo ali pachitseko ndi ndani?"

A Gyamfi anasamba m'manja, n'kutsegula tsamba lina.

"Apa mwadzitama bwino. Mukuti koko wonyowa munkamuika pafupi ndi khomo, wouma bwino kumbuyo kwenikweni, ndipo matumba analibe chizindikiro. Wakuba anadutsa apakhomo onse n'kukanyamula akumbuyo. Alamu, mbala yothamanga imatola chapafupi. Uyu ankasankha. Akolgo anagwira ntchito nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata atatu."

"Kwawo koko samera. Makiyi a m'kati analibe. Anadziwa bwanji za kumbuyoko?"

"Khoti linamupeza wolakwa."

"Khoti linamva inu. Mumalankhula bwino." Anatseka buku. "M'buku monsemu chopeka n'chimodzi, wakubayo. Zina zonse n'zoona, n'chifukwa chake sizikugwirizana naye. Wapolisi aliyense wakale akawerenga adzaona. Pamwambo wanu sindibwera."

Ndinafuna kuwakumbutsa kuti galimoto imene amayendera ndinawagulira ndine, koma ndinangotenga buku langa n'kuchoka.

Madzulo omwewo ndinamupeza Oduro kugalaji, akuyang'anira amakaniko. Ndinamukokera pambali n'kumufunsa za loko. Sanakane.

"Amalume, ndi zakale zimenezo," anatero.

Sindinamumenye, sindinamuchotse ntchito. Mpaka lero sindinawauze mayi ake. Zimenezonso ndikuzilemba pano kuti zidziwike.

Mwambo wa kuhotelo ndinauimitsa, ndinanama kuti osindikiza alakwitsa. Loweruka limene mwambowo unayenera kuchitika ndinayendetsa galimoto ndekha tsiku lonse kupita ku Bolgatanga. Akolgo ndinamupeza m'mawa mwake pansi pa mtengo, akuluka dengu. Anali ndi imvi. Anandipatsa madzi m'chikho asanandifunse chilichonse.

"Bwana, mwanenepa," anatero.

Ndinafotokoza zimene a Gyamfi anapeza m'buku langa. Ine amene ndimatha kulankhula ola lathunthu popanda pepala, ndinachita chibwibwi ngati mwana wa sukulu. Iye sanasiye kuluka.

"Za matumba akumbuyozo ndinanena kukhoti," anatero. "Inu munatuluka kukayankha foni."

"Ndichite chiyani, bambo Akolgo?"

"Mkazi wanga makolo ake anamutenga ndili kundende. Anakwatiwa kwina, zimenezo zinatha. Koma ana anga aakazi awiri akula, ndipo palibe banja lofuna mwana wa mbala. Zimene mwandiuzazi ine ndikuzidziwa kale. Mukawauze iwo."

Masana anasonkhanitsa akuluakulu a mbumba yake, apongozi ake akale ndi oyandikana nawo. Ana aja anakhala pamphasa kutsogolo, osandiyang'ana. Chilankhulo chawo sindichidziwa, choncho womasulira anali Akolgo yemweyo. Ndinaimirira n'kunena kuti munthuyu sanabe, anaba ndi mphwanga, ndipo ine ndinachitira umboni zimene sindinaone.

Akolgo sanamasulire. Analoza anthu okhala kumpanda.

"Bwana, kwezani mawu. Akumbuyo aone kuti mukunena ndinu."

Ndinabwereza, mokweza, ndipo iye anamasulira pang'onopang'ono, chiganizo chimodzichimodzi.