Mlendo wa pa Manda a Gedion

Dines atang'amba mimba ya chimbalangondocho, fungo linamukankhira m'mbuyo. Munatuluka matewera, majumbo ndi chidendene cha nsapato. Za katumbu wa m'nyanja, chakudya chake chenicheni, ngakhale kafupa, ayi ndithu.

"Nyansi zokhazokha!" analavula. "Agalu omwe sangadye zimenezi."

Chinali chachikazi, nthiti zowerengeka, ubweya wothothoka. Khirisimasi inadutsa nyanja isanaundane, nanga akatumbuwo chikanawabisalira pati, poti chimawadikirira pa timabowo topumira m'madzi oundana? Chinkangotoleza kudzala ngati galu wopanda mwini. Chonyansitsa n'chakuti m'mawa umenewo Dines anachiwombera chikufukula manda a bambo ake, a Gedion, amene anaikidwa dzana.

"Ndikukachitaya kudzala komweko," anatero akumanga chingwe m'khosi mwake.

Mayi ake, a Thomasine, anaponda chingwecho. "Anayamba kuchiona ndani?"

"Ndawombera ndine, amayi."

"Ndafunsa zimenezo? Zaka zisanu zokha mumzinda wa Nuuk, mpaka waiwala? Chimbalangondo mwini wake ndi amene wayamba kuchiona. Ndachiona ine pazenera, iwe uli pa mkonono."

"Ndiye mukufuna chikopa cha chinthu chimene chimafuna kudya amuna anu? Anthu atiseka!"

"Aseke. Anamudyetsa ndi iwo?"

"Kumudyetsa ndani?"

Mayiwo anagwada movutikira, natembenuza mutu wa chilombocho mpaka khutu long'ambika litaonekera.

"Ndi yemweyu. Zaka zitatu bambo ako akubwera ndi katumbu wosendedwa mafuta mbali imodzi. Ndinkawalalatira mpaka mawu kusasa, kuti m'nyumba muno tikudya zotsala. Iwo amvekere, 'Ife tili ndi sitolo, mnzathuyu alibe.' Mafutawo ankamusiyira pamwala kutsidya kuja."

Dines anayang'ana dothi ndi miyala zomwazikana pamanda paja.

"Komabe chikanawadya, amayi."

"Eya, akanawadya. Fungo lokhalo limene ankadziwa kuti limabwera ndi chakudya linali la bambo ako. Masula chingwecho."

Dines anamasula.

A Thomasine anapisa m'thumba la jekete lalikulu limene anavala, la malemu, natulutsa kamtolo kokulungidwa m'nyuzipepala. Anali mafuta a katumbu, odulidwa bwinobwino Lolemba lija a Gedion anagwa pakhomo akumanga nsapato kuti akawasiye pamwala paja. Anakanula nsagwada za chimbalangondocho ndi manja awiri, naika mafutawo palilime.

"Mnzako anachedwa, pepa," anatero.