Maliro a Khomo Loyandikana ku Manchester

Mwana wanga Dyness ndi nesi ku Manchester, ku Mangalande. Amake atamwalira anayamba kundivutitsa pa foni kuti ndisiye munda wanga ku Bundabunda, m'boma la Chongwe, ndikakhale naye. Ndinakana zaka ziwiri. Pomaliza ananditumizira tikiti ya ndege, akuti ndikangoona malowo mwezi umodzi, ndikawakonda ndikhaliretu. Ndinadziwa kuti ndi msampha, koma ndinapita.

Dzuwa la kumeneko ndi labodza, limawala koma silitentha. Nyumba zonse ndi za njerwa zofiira, zomamatirana ngati mano, moti tsiku lachiwiri ndinagogoda pa khomo la eni ndili mumsewu wathu womwe. Pa siteshoni ya basi ndinapereka moni kwa anthu asanu ndi awiri. Anandiyankha mmodzi, nayenso woledzera. Agalu amavala majuzi, ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake amawerama kutola tuvi ta galu ndi kapulasitiki. Ndinafunsa mkamwini wanga Mubanga ngati anthuwo amalipidwa. Anaseka mpaka kutsamwa, pamaso pa apongozi ake.

Lachinayi la sabata yachiwiri, m'mawa, galimoto yakuda inaima pa khomo loyandikana nafe. Amuna awiri a masuti anatulutsa mtembo wa nkhalamba yachizungu imene ndinkaiona ikuthirira maluwa. Ndinatchera khutu kudikira kulira. Kunali zii.

"Dyness, kwagwa maliro apa. Vala chitenje."

"Namva, atate. Nizalemba kakhadi nikabwela ku nchito."

"Kakhadi? Munthu wafa khoma limodzi na iwe, iwe uyenda ku nchito?"

"Atate, kuno si ku Chongwe. Khalani chabe mu nyumba, napapata."

Iye ndi Mubanga anatuluka, chitseko phwa. Ndinakhala pang'ono, mtima ukundiwawa. Kwathu ngakhale wafa ndi mfiti, khasu limagona pansi tsiku limenelo. Ndinavala jekete, ndinatenga mpando wa kukhichini, mbaula imene Mubanga amawotchera nyama, makala, ndi kathumba ka ufa kamene Dyness amagula modula ku shopu ya anthu akuda. Ufawo ndinaika pa khomo la namfedwa. Mbaula ndinaiyatsa pa kabwalo kake pakati pa maluwa, ndinavula chipewa ndi kukhala pansi.

Ndinkati amuna akaona utsi adziwa okha, abwera ndi mipando yawo. Palibe anabwera. Amene ankadutsa ankawolokera tsidya lina la msewu, ena kundijambula ndi mafoni. Kamvula kanayamba kuwaza, makala kufuka ngati ndikuwotcha njerwa. Ndinaimba nyimbo ziwiri za kutchalitchi ndekha, wopanda wondipolokezera.

Amene anabwera ndi apolisi, mkazi ndi mwamuna. Chizungu changa cha giredi folo chinathera pa kuwauza kuti pano pali maliro. Iwo ankangoloza moto. Ndinawaonetsa kapepala ka nambala ya foni kamene Dyness anandiikira m'thumba, ndipo posakhalitsa Mubanga anafika akuthamanga, zovala za kuntchito zili m'thupi.

"Batata, mwachita chani? Mufuna batichotse mu nyumba? Ni ya lenti iyi!"

"Iwe, khala pansi ulile. Kwanu ku Kasama simulila anthu?"

"Timalila, batata, koma osati pa maluwa ya bene!"

Tili mkati mokangana chitseko chinatseguka. Anatuluka mkazi wa malemuyo, nkhalamba yowonda, itavala thalauzi, maso ouma gwa. M'manja ananyamula thireyi ya tiyi ndi mabisiketi. Anandipatsa kapu ine. Ndinachita manyazi mpaka kumapazi. Namfedwa, mwamuna wake wafa m'mawa womwewo, kuphikira olira! Kunalibe ngakhale mkazi mmodzi woti amugoneke pa mphasa ndi kumulanda ketulo.

Analankhula ndi apolisi, iwo anazimitsa mbaula ndi kupita. Kenaka analankhula ndi ine, Mubanga akumasulira.

"Bakuti zikomo maningi. Bakuti bamuna bao sembe baseka."

"Aseka chani? Afunse, aika liti m'manda? Mailo?"

Mubanga anafunsa, nakanda m'mutu. "Pakapita masabata yatatu. Koma sibazaika, bazashoka. Bazatentha mtembo."

"Abale ali kuti?"

"Mwana ali ku Spain, azabwela pa tsikulo. Baitana banthu khumi na babili."

"Aitana? Maliro amachita kuitanira ngati ukwati?"

Zimenezo Mubanga sanamasulire. Mayiyo anatola kathumba ka ufa, anakatembenuza uku ndi uku, nandibwezera mwaulemu. Tiyi ndinamwa chifukwa cha kuzizira, koma anali wopanda shuga.

Dyness atabwera masana anandikalipira ngati ndine mwana wake. Ndinamusiya amalize, kenaka ndinamuuza kuti asinthe tikiti, ndikupita Lamlungu.

"Atate, ku Bundabunda azakusungani ndani? Na BP yanu ija? Si ndimwe mumakamba kuti bonse kuja ni bakawalala?"

"Ni akawalala, inde. Anandibera mbuzi zinayi. Sanford uja wa munda wa kumunsi sitinalankhulane zaka zisanu ndi zinayi chifukwa cha malire. Koma tsiku nizafa, Sanford azakhala woyamba kufika na piki kukumba manda. Azanitukwana akukumba, koma azakumba."

Anakhala pansi, yunifolomu ili m'thupi, nsapato imodzi atavula. Ndinkayesa kuti ndapambana mlandu.

"Nanga ine, atate?" anatero. "Nikafa kuno, azanikhalila panja ndani?"

Ndinamuuza kuti asandifunse zopusa, mwana salankhula za imfa yake pamaso pa atate ake. Ndinakwera masitepe kukalonga chikwama. Ndinapinda malaya atatu, kenaka ndinangokhala pa bedi, manja ali pa maondo.