Dzanja Lothira Mchere

Masiku amenewo mzinda uno unkatchedwa Salisbury, ndipo Harare linali dzina la lokeshoni yathu yokha, ino mukuitcha Mbare lero. Azungu a kuno anali atakangana ndi abale awo a ku Mangalande, katundu wakunja n'kusiya kubwera, zitini za mkaka wa ana n'kuzimiririka m'masitolo. Ndiye anayamba kupanga zawozawo. Fakitale ina ya ku Workington, dera la mafakitale mumzinda muno, inkagaya chimanga, soya ndi mtedza, n'kusakaniza ndi mkaka waufa ndi kamchere, kukhala ufa wa phala la ana. Ine Febbie ndinkamata mapepala pa zitini kumeneko. Mlongo wanga wamng'ono, Mailosi, ankaima pamwamba pa chimphika chosakanizira, ndipo ntchito yake inali yothira mchere.

M'fakitalemo munthu sunkadziwa bwinobwino ngati uli maso. Fumbi la ufa silinkatera pansi, linkangoyandama, ndipo dzuwa likalowera m'mabowo a denga linkaimika mizati yoyera imene anthu ankaidutsa mwakachetechete, nsidze zili mbuu. Makina ankameza mawu onse, timangoona milomo ikugwedera. Pa pepala lililonse panali chithunzi cha kamwana konenepa, masaya ngati mandasi, kakuseka. Tiana timeneti tinkandidutsa pa lamba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kupita kaya kuti, ku Bulawayo, ku Umtali, m'manyumba amene sindidzawaona. Ena ndinkawapatsa mayina. Tulo tikandiba ndili chiimire, ndinkaona ngati akundiphethirira diso.

Koma kunyumba kunali mwana amene sankaseka. Tinkakhala nyumba imodzi, ine kuchipinda chakumbuyo, Mailosi ndi mkazi wake Effie kutsogolo, pamodzi ndi mwana wawo Luka, amene anali atangoyamba kuyenda. Effie ataimanso, anamuletsa kuyamwa tsiku lomwelo, monga timachitira kwathu, n'kumamupatsa phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi tiyi wopanda mkaka. Luka anasiya kuyenda. Mapazi anatupa, tsitsi linafiira n'kuyamba kusosoka, ndipo ankangokhala pakhomo akuyang'ana malole a asilikali akudutsa, osakweza n'dzanja lomwe. Mtima unkandiwawa, chifukwa kale ndikamatulukira pa ngodya ankandithamangira akukuwa kuti tete, tete, monga ana a kuno amaitanira azakhali awo.

Tinapita naye kukiliniki. Sisita anadina phazi lake ndi chala, ndipo kadzenje kanatsala pomwepo osabwerera. Anati mwanayo analibe matenda ena ayi, thupi lake linkangosowa chakudya cholimanga, ndipo tikachedwa tidzamutaya. Anatsegula kabati n'kutulutsa chitini cha ku fakitale yathu yomwe ija. Ndinachizindikira, pepala lake linali lopendekeka pang'ono, kamatidwe kanga ka madzulo ndikatopa.

Tsoka lake amayi a kwathu anali atafika kale pakhomo ndi nzeru zawo, motsogozedwa ndi mayi Martina a mpingo wathu, amene sanaonepo matenda oti iwo sakuwadziwa dzina. Anati ndi tsempho. Kwathu amati mwamuna akayenda njira zam'mbali mkazi ali ndi pakati, thupi lake limatentha, ndipo chakudya chimene dzanja lake lathiramo mchere chimatupitsa mwana mpaka kumupha. Effie anamva zimenezi n'kuzisunga.

Madzulo ake anatenga chitini chija, n'kuchitembenuza m'manja.

"Alamu," anandifunsa, "m'menemu muli mchere?"

Ndisanayankhe, Mailosi anadzigunda pachifuwa. "Ulimo, mayi a Luka, ndipo wothira wake ndine amene. Chitini chilichonse m'dziko muno, mchere wake ndi wa dzanja ili."

Effie anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Kenaka anakwera pampando, n'kuika chitinicho pamwamba pa kabati.

"Ndiye chifukwa chake sadya," anatero.

Ine ndinapsa mtima. Mailosi mkazi wina akanamupeza kuti? Munthu wamanyazi woti ngakhale nkhuku yathadzi ankaipatsa njira! Tinkapita limodzi kuntchito, n'kubwerera limodzi wapansi. N'zoona kuti tinkachedwa kufika, koma chinkatichedwetsa ndi apolisi amene ankatiimika pamzere m'njira kufuna zitupa, poti nkhondo ya kutchire inali itayamba kununkhira m'tauni. Ndinamuuza Effie zonsezi. Anati mlongo sangaleke kuikira kumbuyo mlongo wake. Mailosi analumbira pa Baibulo, analumbira pa manda a amayi athu ku Dedza, mpaka mawu anamuthera. Effie ankangoti, "Ngati simunayende, nanga mwana watupa ndi chiyani?"

Sindikunena kuti mlamu wanga anali chitsiru. Anali ataika kale m'manda mwana wake woyamba, ndipo ankaopa kuikanso wina. Kutali ndi kwawo, m'dziko la eni limene ankatitcha maBhurandaya, dzina lonyozera ife obwera, chimene anatsala nacho chogwira ndi mawu a akuluakulu. Ndinkamumvera chisoni, komanso ndinkafuna kumugwedeza mpaka mpango utagwa.

Ndinayesa njira yanga. Ndinagula mtedza ku Musika, msika waukulu wa m'lokeshoni yathu, n'kusinja, n'kuphika phala la nsinjiro lopanda mchere. Effie analola, koma m'mimba mwa mwanayo munali mutafooka kale, phalalo linangodutsa. Sisita anati pafunika ufa wa m'chitini womwe uja, wosalala, wokhala ndi mkaka. Chitinicho chinali pamwamba pa kabati, kamwana konenepa kakusekerera denga, pansi pake Luka atagona pamkeka, akupuma pang'onopang'ono.

M'mawa wina tisanatuluke, Mailosi anagwada pafupi ndi mkekawo n'kuitana mwana wake. Luka anatsegula maso, koma sanamuyang'ane, anayang'ana kumbuyo kwake ngati kuli munthu wina amene akumudikira. Tinanyamuka kupita kuntchito. Maluwa a jakaranda anali atayoyoka mumsewu wa ku mafakitale, ndipo mlongo wanga ankangowaponda, maso ali kutsogolo.

Titafika, makina anali asanayatsidwe. Nthawi imeneyo ndi yokhayo imene munthu ankamveka m'fakitalemo. Fumbi la dzulo linali likadali m'mwamba, likuzungulira m'kuwala. Mailosi anakwera makwerero ake, anatunga mchere m'thumba ndi chipande chachitsulo, n'kuima nacho pamwamba pa chimphika. Sanathire. Anatembenuka, n'kuyang'ana kumene kunali mbuya Tecla, mayi wokalamba wa ku Tete amene ankasesa m'fakitalemo.

"Mbuya Tecla," anaitana mokweza, "tabwerani mundithirireko mchere lero."

Tsache linaima. Ambiri ogwira ntchito pamenepo anali a kwathu, ena a ku Chipata, ena a ku Tete, ndipo palibe amene anafuna womasulira. Munthu amene thupi lake latentha ndi amene amaitana nkhalamba kapena kamwana kuti amuthirire mchere, poti manja a amenewo ndi ozizira. Mwamuna wapabanja kunena mawu amenewo pagulu kunali kuvomera mlandu ndi pakamwa pake.

"Mwanawe," anatero mbuya Tecla, "ukudziwa chimene ukunenachi?"

"Ndikudziwa, mbuya."

Domingo wonyamula matumba anaimba kamluzu kakang'ono. Atsikana a pa lamba anagwira pakamwa. Kapitawo wathu, amene anali Mshona, anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa m'chinenero chake chimene chinkachitika: "Chii chiri kuitika pano?" Kenaka anangokweza mapewa n'kuyang'ana wotchi yake.

Mbuya Tecla anakwera makwererowo pang'onopang'ono, dzanja lina pabondo. Analandira chipande chija osakhudza zala za Mailosi. Mcherewo unatsika m'mzati wa dzuwa ukunyezimira, ndipo kwa ine zinaoneka ngati ukuchedwa kufika pansi, ngati nawonso ukuganiza. Kenaka makina anabangula, mawu onse n'kumira.

Ndinautsatira ufa umenewo ndi maso, kuchoka m'chimphika, kutsika m'paipi, kulowa m'zitini. Zitafika pa ine, misozi inkandilepheretsa kuona, moti tiana tonenepa tija tinkasambira. Kapitawo ankatilola kutenga chitini chikapindika. Ndinasankha chimodzi, n'kuchithandiza kupindika ndi chigongono.

Pobwerera madzulo sindinathe kudzigwira. Titangodutsa mzere wa apolisi, ndinamukoka malaya.

"Wanama, Mailosi! Wadziipitsira dzina pamaso pa anthu onse chifukwa cha chinthu choti sunachite. Ine ndikukamuuza Effie zoona zake."

"Achemwali, dzina langa silimwa phala," anatero motsitsa mawu. "Ndakana mpaka kutopa, mwana akungotha. Iye akudikira kuti ndivomere, ndiye ndavomera. Tsopano akhulupirira kuti chitini ichi n'chozizira."

"Chabwino, mwana akachira ndidzanena."

"Musadzanene. Akadzadziwa kuti ndinanama apa, sadzakhulupiriranso chitini chilichonse chochokera m'manja mwathu. Ndipo winayo akubwera, nayenso adzafuna phala."

Ndinamutukwana ndithu, ndinamutcha chitsiru, mbuzi, mwana wopanda mutu. Iye anangondisenzera chikwama changa.

Nkhani m'lokeshoni imathamanga kuposa basi. Pamene tinkakhota pa ngodya yathu, amayi anali ataima kale m'mipanda yawo, manja m'chiuno, ndipo mayi Martina anali akutuluka pageti pathu ndi nkhope ya munthu amene wapambana. Dzuwa linali litapendeka, utsi wa mbaula utaphimba misewu, nyumba zikuoneka ngati zikuyandama. Effie anali pakhomo, dzanja lili pamimba. Sanalire. Maso ake anali ouma, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa.

"Ndinadziwa," anauza mwamuna wake. "Mukanangonena kale, bambo a Luka, mwana sakanafika apa. Musalowe m'nyumba muno mpaka akuluakulu atakonza mankhwala."

Mailosi anawerama. "Ndamva, mayi a Luka."

Effie anatembenukira kwa ine, n'kuyang'ana chitini chopindika chija. "Ndi chomwe anathira mbuya Tecla?"

Lilime linkandiyabwa. Mawu onse anali atafika kale m'mano, oti mlongo wanga ndi woyera kuposa tonse amene taima pano. Ndinayang'ana m'nyumba, ndinaona kaphazi kotupa kali pamkeka.

"Ndi chomwecho, alamu," ndinatero. "Ndinaona ndi maso anga."

Anachilandira ndi manja awiri. Anatereka madzi pa pulayimasi, anatakasa ufawo mosamala, n'kuuzira phalalo mpaka litazizira. Ine ndinamunyamula Luka n'kumukhazika pamiyendo panga. Anali wopepuka moti ndinachita kuyang'ana ngati ndamugwiradi. Effie anaika nsonga ya supuni pamilomo yake yosweka. Mwanayo anakhala chete, phala lili pamlomo, maso ali kutali kuja. Kenaka lilime linatuluka pang'ono. Pakhosi panagwedera.

Kunja kwa zenera kunamveka mawu onong'ona. Mailosi anali ataima patali ndi khoma, manja kumbuyo, kuopa kukhudza ngakhale chitsulo cha zeneralo.

"Achemwali, wameza?"

"Wameza."

"Akufunanso?"

Ndinayang'ana pansi. Luka anali atagwira dzanja la mayi ake, akulikokera kukamwa.

"Wayasamula kale," ndinatero.

Mlongo wanga anakhala pansi m'fumbi, ufa ukadali m'tsitsi, amayi a m'mipanda akumuloza zala n'kumagwedeza mitu. Anaphimba nkhope ndi chipewa chake, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira. Effie anadzuka n'kutseka katani kuti mwamunayo asaone mwana akudya, n'kutunganso supuni ina.