Madzi a Batire

M'nyumba ya Che Ismaili ku Chiwalo munali botolo limodzi limene ngakhale nkhuku zinkadziwa kuti silikhudzidwa. Linali lalikulu, lagalasi, lotseka ndi chitsononkho, ndipo linkakhala pamwamba pa khoma. Munali madzi a mvula. Osati a padenga, ayi, amenewo ankati ali ndi mwaye ndi zitosi. Mvula ikayamba, bamboyu ankatuluka ndi beseni lotsukidwa katatu, n'kuliika pakati pa bwalo, mwini wake n'kumanyowa pambali kulilondera.

Madziwo anali a batire. Che Ismaili anali dalaivala wa lole ya pa esiteti ya fodya, ndipo mzungu amene anawaphunzitsa ntchito anawauza mawu amene anawalowa mpaka m'mafupa: batire limamwa madzi a mvula basi, mukalipatsa a pachitsime mwalipha. Zitsime za kuchigwa kunotu mukuzidziwa, madzi ake ndi amchere. Ndiye Loweruka lililonse ankatsegula tizitseko titatu ta batirelo, kusuzumiramo, n'kudonthezamo madzi pang'onopang'ono. Mkazi wawo Jalia ankafa nalo phwete. "Mkazi wamkulu wamwa kale? Ife aang'onofe tidikire kaye."

Kenako chinafika chaka cha 1949, chija kumwamba kunatseka chimanga chisanamasule. Pofika Okutobala m'botolo munali mutatsala makapu awiri okha. Chitsime chinasanduka matope, amayi ankachita kupala pansi ndi chikho n'kusefa pa nsalu, komabe zotulukazo zinali zofiira, zowawa, zonunkha. Kamwazi analowa m'mudzi, ndipo Jalia anali mmodzi mwa oyamba kugwa.

Pa tsiku lachitatu, chilichonse chimene mkulu wake Katija ankamumwetsa chinkabwerera. Milomo inali itang'ambika. M'mawa umenewo Che Ismaili anatsimikiza mtima kuti ngakhale mzungu mwini lole anali ku Limbe, lole aitenga, mlandu adzauona pambuyo. Chipatala cha mishoni chinali ku Phalombe, kutali, ndipo pa machila munthu wotere sakanafikako wamoyo. Anatambasula dzanja kutsitsa botolo lija, maso a Jalia n'kulitsatira.

"Bambo," anatero Jalia ndi mawu a pansipansi, "ndigawireniko kapu imodzi yokha. Sindikamuuza mkazi wamkulu."

Katija anali atatambasula kale kapu yachitini. "Alamu, imodzi yokha."

Musawaweruze msanga, abale inu. Munthu ameneyu ankamukonda mkazi wake. Koma lole inali itakhala milungu iwiri osalira, m'dzuwa loswa mtengo, ndipo mumtima ankati batire likakhala kuti lauma, madzi awa ndiwo chipatala chenichenicho.

"Pirirani pang'ono, mayi," anatero. "Kuchipatala kuli thanki, mukamwa mpaka kukhuta. Otsala ndikubweretserani pompano."

Anatuluka osayang'ana kapu ija.

Lole inkakhala m'shedi ya fodya, kuseri kwa mitengo ya mango. Anakwera, n'kuponda kachitsulo kolizira injini. Zii. Anapondanso. Ngakhale kutsokomola, ayi. Anatsika, kutsegula tizitseko tija. Madzi analimo, atatsikako pang'ono chabe, koma diso la munthu wamantha limaona chilala paliponse. Anathiramo kapu imodzi, kuyesa, zii. Anapukuta mitu iwiri ya batire pamene pamamangidwa mawaya, koma inali yoyera kale, nanga si ankaipukuta okha mlungu ndi mlungu. Anatenga handulo n'kupukusa injini mpaka m'manja munatuluka matuza. Anaitana amuna anayi kuti akankhe, koma kukankhitsa lole anthu amene agonera zikhawo mwezi wathunthu, pamchenga, popanda ndi chitsetse chomwe? Anaisuntha mapazi khumi n'kukhala pansi, akupuma ngati agalu.

Mmodzi wa iwo, Eneya, anali ndi njinga, ndipo Che Ismaili anamutuma kukaitana a Goliati, makaniko wa pa esiteti ina cha ku Fort Lister. Atatsala okha anayang'ana botolo. Kapu imodzi. Analinyamula n'kuyamba ulendo wa kunyumba, ndithu anauyamba, mpaka kufika pamitengo ya mango. Pamenepo mtima wina unati, mwina likungofuna pang'ono pokha, likamwa lidzuka, ndipo pofika masana Jalia akhala ali m'manja mwa adokotala. Anabwerera. Anakhuthulira onse m'batire mpaka anasefukira, n'kuyenderera m'zitsulo, n'kumadontha pafumbi.

Anaponda kachitsulo kaja. Zii.

Kalanga ine! Kunyumba kunali pafupi, koti n'kukuwa amva, koma akanalowa bwanji ndi botolo lopanda kanthu? Manyazi anawamanga miyendo. Anakhala pachitsulo chokwerera, botolo lili pamiyendo, akupempha Mulungu kuti njinga ifulumire.

A Goliati anafika dzuwa litapendeka. Dzina lokhalo ndilo linali lalikulu, eni ake anali kamunthu kafupi, Mlomwe wolankhula mokoka mawu, wosadziwa kuthamanga. Za madzi sanafunse n'komwe. Anatola kawaya, n'kugunditsa mitu iwiri ya batire ija. Moto unathetheka, kawayako n'kupsa.

"Ili moyo ili, achimwene. Mphamvu ilimo yodzaza, koma ikusowa njira."

"Mawaya ndapukuta," anatero Che Ismaili.

"Mwapukuta kumene maso akuona. Waya ali ndi nsonga ziwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anagwira waya wonenepa wochokera pa batirepo, kumutsatira ndi zala mpaka kumene analowera pansi, iwo n'kugona chagada kukwawira kunsi kwa lole. Kumeneko, pamene wayayo amamangidwa ku chitsulo cha galimoto, bawuti inali itakhwepa, dzimbiri litadya pozungulira ponse. Anapala ndi mpeni wa m'thumba, kumanga ndi sipanala. Ntchito yonse sinatenge nthawi yoti munthu n'kumaliza kusenda chinangwa chimodzi.

"Tapondani."

Lole inalira kamodzi n'kamodzi, shedi yonse n'kunjenjemera. Che Ismaili anafuula dzina la Mulungu, misozi ili mbwembwembwe, manja ali kale pa chiwongolero. A Goliati anatuluka kunsi kuja akudzigwira kumsana, malaya atanyowa.

"Nanga madzi onsewa munathiriranji?" anakuwa kuti amveke pa phokosolo. "Andidyera malaya ndi asidi wake. Batireli linalibe ludzu, achimwene!"

Che Ismaili anali akuyang'ana kwina. Maso awo anali kumitengo ya mango, kumene kunkabwera Katija. Sankathamanga. Munthu wodzaitana galimoto ya wodwala amathamanga, koma iye ankayenda pang'onopang'ono, mpango utagwera m'khosi, kapu yachitini ija ili m'manja.

Che Ismaili anazimitsa injini. Itangoti zii, m'pamene anamva kulira kwa amayi kunyumba kwawo, ndipo kunkamveka kuti sikunayambe kumene.

Katija anafika, n'kuika kapuyo pa boneti. Sanakalipe, bola akanakalipa.

"Alamu," anatero, "mpaka pomaliza amafunsa ngati mwabwera nawo otsala aja."

Che Ismaili anatsika, n'kugwada pambali pa lole. Pansi pake panali kamalo konyowa, kakang'ono ngati mbale. Anaikapo dzanja. Dothi linali litayamba kale kuuma.