Mipata Imene Ndinatseka

Achemwali anga a Evelyn ndiwo ankayambitsa nyimbo pa maliro onse a mumpingo mwathu ku Lirangwe. Iwo akaponya mzere, amayi ankalandira, ndipo ngakhale adzukulu, anthu ozolowera manda, ankayamba aimika makasu n'kumvetsera. Mu 2010 khansa inawagwira pakhosi. Madokotala m'tauni anawachita opaleshoni n'kuwabweza kunyumba amoyo koma opanda mawu. Ndinakwiyira Mulungu, sindibisa. Thupi lonse lija, n'kusankha pakhosi?

Ine ndine Thomson. Nthawi imeneyo ndinali ndi kakontena ku Chileka, pamsewu wopita kubwalo la ndege, momwe ndinkabena ma CD ndi kuthira nyimbo m'mafoni a anthu. Kuimba sindidziwa. Ndili mwana, mphunzitsi wa kwaya anandipempha mwaulemu kuti ndizingoyendetsa milomo.

Tsiku lina nditapita kukawazonda, achemwali anandipatsa kope lakale. Munali mawu a nyimbo imene anapeka asanadwale, ndipo anali asanaphunzitse munthu aliyense. M'munsi mwake anali atawonjezera kuti: "Iyi idzaimbidwe bokosi langa likamatsika. Chuni chili m'mutu mwanga mokha." Anandiyang'ana. Ndinamva zimene ankatanthauza: akapita, nyimboyo ipita nawo.

Apa m'pamene ndinadziona wanzeru. Mphunzitsi wina wa ku Japan, amene ankaphunzitsa masamu cha ku Kuntaja, anandisiyira pulogalamu yoimbitsa kompyuta pobwerera kwawo. Umalemba mawu, n'kuika lililonse pamalo pake, lokwera kapena lotsika, lalitali kapena lalifupi, basi kamtsikana kosaoneka n'kuyamba kuimba. Anandisiyiranso nyimbo zoyambirira zimene anthu akwawo anapanga ndi kamtsikanako. Ndinkazimvetsera masana makasitomala akasowa. Kamawu kake kanali koonda, kothamanga ngati kakuthawa galu, kosaima kuti kapume. Sindinkamva liwu ndi limodzi lomwe, koma nyimbo zina zinkandikhudza ndithu. Ndinati mumtima, ngati kamatha Chijapani, kangalephere bwanji Chichewa?

Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kukwera ina ya ku Lirangwe, laputopu ili pamiyendo. Kwa achemwali kunalibe magetsi, ndipo batire inkatha pasanathe ola. Tinkakhala pakhonde. Ine ndinkaliza kamawu kamodzi, iwo n'kuloza kumwamba ngati kayenera kukwera, pansi ngati kayenera kutsika, kenako n'kugogoda pamkono wa mpando kusonyeza kutalika kwake. Nthawi zina mzere umodzi unkatidyera ulendo wonse.

Mzere ukatha, ankasiya kugogoda. Ankatsinzina, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Ine ndinkati atopa, kapena akupemphera.

"Pumani kaye, achemwali," ndinkatero, maso anga ali pa kachizindikiro ka batire.

Pakapita kanthawi ankaphenya n'kuyambanso kugogoda mzere wotsatira. Ndikabwerera ku Chileka ndinkalumikiza mizereyo, wina pambuyo pa unzake, osasiya mpata, monga zinalili nyimbo za ku Japan zija. Ndinkadzitama kuti ikutuluka yaudongo.

Patatha miyezi itatu nyimbo inatha. Apa n'kuti achemwali sakudzukanso pamphasa. Ndinaika laputopu pafupi ndi mutu wawo n'kuiliza yonse koyamba. Kamtsikana katayamba, nkhope yawo inawala, chifukwa chuni chinali chawo ndithu. Mzere woyamba utatha anakweza dzanja ngati akuimitsa minibasi. Kamtsikana kanangopitirira. Pa mzere wachiwiri anakwezanso, pa wachitatu chimodzimodzi. Kenako misozi inayamba kutsika kulowera m'makutu.

"Ndikudziwa, kamawuka n'koonda," ndinawauza. "Ndikakanenepetsa ku Chileka, musadandaule."

Anapukusa mutu n'kuloza kope. Ndinawagwiritsa cholembera, koma chinapulumuka m'zala. Ndinawagwiritsanso, chinagwanso. Ndinawafunditsa bwino n'kuthamangira minibasi, ndikuganiza za mmene ndinganenepetsere mawu. Anamwalira Lachiwiri.

Kumanda ndinafika ndi sipika yobwereka. Akulu a mpingo anandilola nditawaonetsa zimene achemwali analemba m'kope. Dzuwa linali paliwombo. Adzukulu anakoleka zingwe, bokosi linayamba kutsika, ine n'kudina batani.

Kamtsikana kanaponya mzere woyamba bwinobwino. Ndinaona amayi onse, atavala zoyera zawo, akukoka mpweya pamodzi. Asanatulutse kanthu, mzere wachiwiri unali utayamba kale. Anayang'anizana. Utatha wachiwiri anakokanso mpweya, kamtsikana n'kuwadutsanso. Kanali kokha pamanda ponse, kakuthamanga ndi mawu a achemwali anga pakati pa anthu oti kukamwa yasa.

A Getrude, amene ankaima kumanja kwa achemwali pa maliro onse kwa zaka makumi awiri, anabwera pamene ndinagwada. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Achimwene, tazimitsani kaye," anatero motsitsa mawu. "Nanga ife mwatisiyira pati polowera?"

"Ndi mmene anaipekera eni ake," ndinayankha.

"Ayi, bambo. A Evelyn chibadwire sanaimbepo nyimbo yaokha. Iwo amaponya, n'kutidikira. Mawu athu olandirira ali kuti?"

Ndinawapatsa kope. Anaona mizereyo, n'kundibwezera.

"Iyi ndi mizere yawo. Yathu sankalemba, ankatipatsa pakamwa. Simunawaone akukupatsani?"

Ndinakumbukira khonde lija, maso otsinzina, milomo ikuyenda mzere uliwonse ukatha. Miyezi itatu yathunthu achemwali ankandiimbira mbali ya amayi, poganiza kuti mwana wobadwira ku Lirangwe, wokulira pa maliro, sangafunike kuuzidwa kuti nyimbo imalandiridwa. Ine ndinkawauza kuti apume.

Adzukulu anali atagwira zingwe, bokosi lili lende pakati pa dzenje, ndipo mmodzi anatsokomola. A Getrude anabwerera pamalo pawo n'kuyambitsa nyimbo ya m'buku, yomwe ija timaimbira aliyense. Amayi analandira mwamphamvu, mwina pofuna kundibisira manyazi. Bokosi linafika pansi ndi nyimbo imeneyo.

Patapita masabata ndinatenga laputopu kupita nayo kwa a Getrude, nditatsegula mipata pakati pa mizere. Ndinawapempha kuti apeke okha zolandirira. Anayesa ndi amayi ena atatu masana onse, kenako anapukusa mutu.

"Tikhoza kuikapo zathu," anatero, "koma sikhala ya a Evelyn. Ndiponso maliro ake anadutsa. Tikaimbira ndani?"

Mpaka lero mtima umandiwawa, ndipo wokwiyira ndilibe koma ine ndemwe. Kamtsikana kaja kanalibe mlandu, kanaimba zimene ndinakapatsa.

Nyimboyo ikadalipo mu laputopu. Makasitomala akasowa ndimailiza m'kakontena muja. Kamtsikana kamaponya mzere, n'kudikira monga ndinakaphunzitsira mochedwa. Pampatapo ndimatsinzina n'kuyesa kukumbukira mmene milomo ya achemwali inkayendera, ngati inkatsekeka kapena kutseguka, ngati mawu anali awiri kapena atatu. Palibe chimene chimabwera. Chimene ndimakumbukira bwinobwino ndi kachizindikiro ka batire.