Timakontena ta Majarini

"Idyani, alamu, zisanazizire."

Azakhali anakhazika thireyi pamiyendo ya Atelala mwamphamvu ngati akutseka chitseko. Panali buledi magawo anayi wopakidwa majarini mpaka m'mphepete, mazira awiri akusambira m'mafuta, ndi tiyi wamkaka wa masupuni atatu a shuga.

"Ndamwa kale madzi," anatero Atelala.

"Madzi! Kodi ndinu nsomba?"

Linali tsiku lachinayi chiwaikire m'manda amuna a Atelala. Olira anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa kwa eniake. Amene anatsala ndi Azakhali, mlongo wawo wamkulu wa malemu, amene anabwera ndi chikwama cha zovala za mwezi wathunthu n'kulanda khitchini tsiku lomwelo. Kwa iwo chisoni chinali ndi mankhwala amodzi okha, ndipo mankhwalawo ankakazingidwa.

Atelala anadya. Akanatani? Mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri ataima pamutu pako, maso ali psu ndi kulira mlongo wake, sungamubwezere mbale.

Fulati yawo inali pansanjika yachitatu. Kuchokera pakhomo kukafika pamsewu panali masitepe makumi anayi ndi awiri. Zaka makumi atatu zokhala pa mashini osokera zinawapatsa Atelala makasitomala, thupi lalikulu, ndi bondo lakumanja lotha ngati chidendene cha sokosi. Tsiku la maliro amuna anayi anachita kuwanyamula pampando, potsika ndi pokwera. Iwo ankamva mmene amunawo ankapumira. Pakati pa masitepe wina anati, "Tipumeko kaye, anzanga," anthu a m'mafulati ena akusuzumira pazitseko.

Dokotala wa mafupa ananena mosazungulira: bondo lingathe kukonzedwa, koma achotse kaye makilo khumi. Tsiku lokakwera sikelo linalembedwa pakhadi, Lachinayi la sabata yamawa. Akakapezeka opitirira, dzina lawo libwerera kumunsi kwa mndandanda, ndipo mndandandawo ndi wa chaka chathunthu. Makilo asanu ndi atatu anali atapita kale. Amene anawachotsa ndi malemu.

Malemuwo anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi pa windo logawira mankhwala kuchipatala, mpaka anthu anaiwala dzina lawo n'kumangoti a Katatu-pa-Tsiku. Atapuma pantchito anatsala ndi wodwala mmodzi, mkazi wawo. Chakudya cha masana ndi cha madzulo sichinkavuta kuchepetsa. Yovuta inali njala ya pakati, ija ya 10 koloko ndi ya 3 koloko, imene inkalowetsa dzanja la Atelala m'chitini cha mabisiketi maso ali pa singano. A Katatu anaitenga njalayo ngati matenda. Ankadula karoti ndi nkhaka, ankafinyira ndimu m'kabichi wamuwisi, ankawiritsa dzira, ankaphulitsa mbuliwuli popanda dontho la mafuta. Zonsezi ankaziika m'timakontena takale ta majarini, n'kumata kapepala pachivundikiro monga ankachitira pa windo paja: tsiku, ola ndi malangizo. "Tafunani mpaka nsagwada zitope." "Dzira limodzi. Limodzi ndati." Nawonso ankadya zomwezo, ngakhale anali oonda ngati hang'ala yokolekera zovala.

Anagwa Lachitatu la sabata yatha pochokera kumsika, thumba la nkhaka lili m'manja.

Atelala atangomaliza za pa thireyi ija, kukhitchini kunamveka mfuu.

"Mayo ine! Nanga izi ndi zichani?"

Azakhali anatulukira atafukata timakontena tisanu ndi kamodzi. Majarini wa patebulo anali atatha, ndipo anasangalala kuona filiji yodzaza ndi wina. Koyamba anapezamo karoti wofota. Kachiwiri nkhaka zoterera. Kachitatu dzira loti ukanunkhiza uthawa.

"Ndiye ndimadabwa ine! Mlongo wanga m'bokosi muja amaoneka ngati ndodo yovala suti. Kani mumamudyetsa za mbuzi?"

"Zimenezo ndi zanga, alamu. Amakonzera ine."

"Inu? Nanga iye amadya chiyani?"

"Zomwezo."

"Ehe! Mwanena nokha."

Anaponya zonse m'bini, timakontena ndi timapepala tomwe ta dzanja la malemu. Atelala anafuna kudzuka, bondo linakana. Anangomva chivundikiro cha bini chikuti phwa.

Masana kunabwera Chisamba, mwana wawo woyamba. Iye ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo anazolowera kupondera anzake buleki. Anakhala m'mphepete mwa sofa akuzunguza makiyi pachala.

"Amayi, ndalankhula ndi mpongozi wanu. Chipinda chija cha kuseri kwa galaja tachipenta."

"Mwapentera ndani?"

"Musavute, amayi. Kuno mutsala ndi ndani? Azakhali adzapita kwawo. Moto utabuka mungatsike bwanji? Kwathu kulibe sitepe ngakhale imodzi."

"Mashini anga alowamo?"

"Mashini asungidwa m'galaja."

"Ndiye makasitomala anga azikayeza madiresi pakati pa matayala?"

"Mwasoka zokwanira. Pumani."

"Ndili ndi tsiku kuchipatala. Lachinayi la sabata yamawa."

Chisamba anayang'ana mbale ya masana imene inali pampando: mpunga, tchipisi, mafupa a nkhuku yokazinga. Anadzuka. Analowa kubafa, anatuluka ndi sikelo, n'kuiika pansi patsogolo pa mayi ake.

"Kwerani. Ikanena zabwino, za chipindazo ndizisiya."

Anakwera atagwira phewa lake. Muvi wa sikelo unagwedezeka, n'kuima. Kilo imodzi inali itabwerera.

"Makilo atatu m'masiku asanu ndi atatu," anatero Chisamba mofatsa. "Amayi, ine wokakhoza mayeso ndi wokalephera ndimamudziwa asanalowe n'komwe m'galimoto. Loweruka ndibwera ndi lole."

"Uchite zimenezo, mwanawe," Azakhali anayankhira kukhitchini. "Opaleshoni ya chiyani pa msinkhu uno? Munthu amangofuna mpando wabwino basi."

Chisamba atapita, m'nyumba munati zii. Pawindo Atelala ankaona denga la basi likudutsa, mutu wa mayi wogulitsa masamba pakona, ndi chikwangwani cha sitolo ya nsalu imene anasiya kulowamo kalekale. Zonse zinali pafupi, zoti ukhoza kuponyako kampukutu ka ulusi. Pamashini panali diresi la kasitomala lopanda mkono umodzi.

Itakwana 3 koloko njala inafika, monga mwa nthawi zonse. Inayambira m'mimba n'kukwera mpaka m'manja. Ino inali nthawi imene ankamva masilipasi a a Katatu akukwekwesa kuchokera kukhitchini. Ankakhala pakampando pafupi ndi mashini, n'kumawalowetsera ulusi m'singano, uku akusimba za odwala a pa windo: amene ankameza mapiritsi a sabata tsiku limodzi kuti achire msanga, amene ankabweza mapiritsi oyera n'kumafuna ofiira chifukwa ndiwo amphamvu. Nkhani ikamatha, kakontena kanali katatha, njala itadutsa.

Lero panalibe masilipasi. Patebulo la pambali panali paketi ya mabisiketi imene wolira wina anasiya. Atelala anatenga imodzi. Kenako ina. Sankamva n'kukoma komwe. Pamene ankazindikira, paketi inali theka, nyenyeswa zili pachifuwa.

Azakhali anawapeza choncho.

"Eyaa! Tsopano mtima wayamba kukhala m'malo. Ndikuthirireni tiyi?"

"Khalani pansi, alamu."

"Ndili ndi mafuta pamoto."

"Apsa okha. Khalani pansi."

Azakhali anakhala, chopukutira mbale chili paphewa.

"Alongo anu sindinawaphe ndi karoti. Unaima ndi mtima, dokotala ananena inu muli pomwepo. Bambo aja amafuna ndidzatsike ndi miyendo yanga, ndikasankhe ndekha nsalu musitolo iyo. Miyezi isanu ndi itatu akudula timasamba. Inu masiku anayi mwabweza kilo. Mbale iliyonse mukundipatsayi mukundikankhira kuseri kwa galaja. Kumeneko ndikakhala pampando wabwino ujawo mpaka amuna anayi adzandinyamule komaliza."

Azakhali anakwinya chopukutira chija m'manja.

"Ine sindingaone munthu ali ndi njala m'nyumba imene ndilimo. Sindingathe, alamu. Nenani zina."

"Njala ndinkaimva, koma siinkandigwetsa. Iwo amadziwa kuinyenga."

"Kuinyenga bwanji?"

"Madzi kaye, kapu yodzaza. Kenako kambale kakang'ono, kuti zioneke zambiri. Kudula kwake kopyapyala, koti ukayang'anitsa uona kuwala mbali inayo. Ndiye nkhani, kuti usameze msanga."

Azakhali anayang'ana pansi. M'khitchini mafuta anayamba kununkha.

"Madzi kaye," anatero chapansipansi. "Anakuuzani kumene anaziphunzira zimenezo?"

"Kuchipatala, ndikuganiza."

"Kuchipatala!"

Anaseka kamodzi kokha, kuseka kopanda mano. Anadzuka n'kupita kukhitchini. Kunamveka poto akuchotsedwa pamoto, kenako mpopi. Anabwerera ndi makapu awiri a madzi, tisosala tiwiri, mpeni, ndi apozi mmodzi. Anakokera kampando ka pamashini n'kukhalapo, thupi lawo likusefukira mbali zonse.

"Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, iye zisanu ndi zinayi. Amayi anagonekedwa m'chipatala miyezi inayi. Abambo anali atapita kokafuna ntchito, kalata osabwera. Tinatsala awiri m'kachipinda ka lendi. Tsiku lina chakudya chonse chinali banzi limodzi, tsiku lina nthochi, tsiku lina chipatso chimene wogulitsa wataya chifukwa chabanduka mbali. Ine wamkulu ndinkangolira. Iye ayi. Ankasunga lezala m'bokosi la machesi."

Anadula apozi uja pakati, kenako pakati, kenako pakati, kenako pakatinso. Zala zawo zonenepa zinkagwira mpeni mosamala.

"Ankati, 'Achemwali, imwani kaye madzi.' Ndikamwa, wayala tizidutswa pachivundikiro cha botolo la jamu, ngati phwando. Ndiye ayambe kundiuza mabodza a kusukulu kwawo. Aphunzitsi agwa m'ngalande, belu labedwa. Ine kuseka, kutafuna, kuseka. Titakula ndinalumbira kuti mwa ine poto sadzazizira. Ndimayesa nayenso anaziiwala."

"Sanandiuzepo," anatero Atelala.

"Akanakuuzani uja? Amayankhula za aliyense kupatula za iye mwini."

Anapukuta mpeni pachopukutira.

"Mawa mundilembere za kumsika. Nkhaka, karoti, ndi zinazo za mbuzi. Makilo atatu sindikulonjezani, alamu, ine si sikelo. Koma mafuta ndiwabisa."

"Nanga lole ya Loweruka?"

"Chisamba ndinamusintha matewera ine. Akafuna mashini awa ayambe wanditsitsa ine pamasitepe. Tione ngati apeze amuna okwanira."

Atelala anafuna kuseka, koma chinatuluka ndi china. Anapukuta m'maso ndi kansalu kotsala ka diresi lija.

Azakhali anagawa tizidutswa m'tisosala tija, kamodzi uku, kamodzi uko. Tinalipo khumi ndi tisanu ndi kamodzi. Atamaliza, anatola kamodzi m'sosala yawo ndi nsonga ya mpeni n'kukaika m'sosala ya Atelala.

"Mwalakwitsa, alamu. Zanga zachuluka."

"Ndi mmene ankagawira. Ine tisanu ndi tinayi, iye tisanu ndi tiwiri. Ndikamufunsa ankati masamu amamuvuta. Munthu wodzawerenga mapiritsi zaka makumi atatu osaphonya ngakhale limodzi."

Atelala anayang'ana sosala yawo nthawi yaitali.

"Ine zanga sindinawerengepo."

"Simukanawerenga. Amakulankhulitsani."

Dzanja la Atelala linapita pa kachidutswa koyamba. Azakhali analimenya pang'ono ndi chala, n'kuwakankhira kapu ya madzi.