Reji Yabuluu ya Che Asmani

Benchi ya pakhonde la sitolo ya Che Asmani, ku Kapata, inali nyumba ya malamulo ya anthu amene sanasankhidwe ndi munthu aliyense. Ikamakwana naini koloko m'mawa aphungu ake amakhala atafika kale. Panali a Whiteson Mbewe, wapampando wa nthambi ya chipani, amene anabwerako kumigodi ndi chifuwa chosatha ndi mawu ambiri. Panali a Edmund Zulu, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu wotsutsa chilichonse, ngakhale moni. Wachitatu anali a Matiyasi, mlimi wa ku Chiparamba, amene ankabwera m'tauni kudzagula misomali n'kubwerera dzuwa litapendeka, misomali ataiwala. Mwa atatuwa panalibe wogula kanthu koposa machesi. Koma dziko ankalikonza tsiku ndi tsiku, ndipo m'mawa ankalipeza litaonongekanso.

Chaka cha 1968 chinawapatsa zokamba zosefukira. Mapaundi anali atapita, kwabwera kwacha ndi ngwee. Fort Jameson anali atasanduka Chipata. Mafuta a galimoto ankapezeka mwa apo ndi apo, ndipo katundu wa ku Lusaka ankafika pamene wafunira. Pamwamba pa zonsezi, wailesi inalengeza kuti malonda a m'masitolo tsopano akhale m'manja mwa nzika za Zambia, ndipo amene si nzika sadzapatsidwanso laisensi chaka chikatha.

Tsiku limenelo Che Asmani anaomba m'manja kuposa onse. Anaphikitsa tiyi wamkaka, nagawa mabanzi ulere, chinthu chimene sichinachitikepo m'zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za sitoloyo. M'maganizo mwawo lamulo linali la masitolo akuluakulu a kumunsi kwa tauni, ndipo anali atayamba kale kusankha ndi maso sitolo imene ingawayenere. Anaiwala kuti walira mvula walira matope.

Nkhani yake inali yakale, ndipo yopanda wolakwa. Bambo awo anali telala mu Fort Jameson momwemo. Mayi awo atatenga pathupi poyamba, anachita zimene mkazi aliyense wolangizidwa ankachita: anapita kwa amayi awo kukachira. Mwana woyamba sabadwira m'manja mwa alendo. Mudziwo unali kuseri kwa Mwami, mbali ya Nyasalande, ulendo wa masiku awiri wapansi, ndipo masiku amenewo malire anali nkhani ya azungu. Khanda litatuluka m'chikuta n'kulimba khosi, mayi analibereka n'kubwerera kwa mwamuna wawo. Ana otsatira onse anabadwira m'tauni, poti mimba yachiwiri siopsanso. Choncho Asmani anakhala ku Nyasalande miyezi iwiri, ndipo kuno zaka makumi asanu ndi zitatu.

Ufulu utabwera, anthu olemba mareji anafika ndi matebulo awo pansi pa mtengo wa mango. Reji ndi khadi ija yokhala ndi chithunzi, imene a Whiteson amakalipa munthu akaitcha chitupa. Atafunsidwa kumene anabadwira, Che Asmani anatchula mudzi wa agogo awo monyadira, natchulanso mfumu yake osafunsidwa. Munthu angakane bwanji kumene kunagwera mchombo wake? Anawapatsa reji yabuluu. Anzawo onse anali ndi yobiriwira, koma iwo anangoti mwina mapepala obiriwira anatha, naiika m'sutikesi.

Mu Disembala anavala jekete, napita ku boma kukatenganso laisensi monga mwa chaka ndi chaka. Kalaliki anali munthu waulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unawawa kwambiri.

"Bambo, yabuluu ndi ya anthu obwera. Laisensi tikupatsa a yobiriwira okha."

"Ine wobwera? Mwana wanga, msewu uwu ndinauona uli kanjira ka ngolo."

"Sindikukana, bambo. Mungathe kupempha unzika. Mafomu amapita ku Lusaka."

"Amabwerako liti?"

Kalaliki anayang'ana kudenga. "Ena chaka. Ena ziwiri. Koma laisensi yanu ikutha pa tsiku lomaliza la mwezi uno."

Che Asmani anabwerera wapansi, jekete ili pamkono, dzuwa likuwotcha ngati lija lotsogolera mvula. Mumtima munalibe ukali. Munali kutopa chabe, kutopa kwa munthu amene wapalira munda wonse n'kuuzidwa madzulo kuti mizereyo ndi ya mwini.

Anapeza nyumba ya malamulo ili mkati mwa zokambirana.

"Mkuwa ndi wathu," ankatero a Whiteson, akugogoda benchi ndi chala. "Chuma chikabwera m'manja mwa eni dziko, ngakhale kuno kum'mawa tidzaona fakitale."

"Mkuwa mumadya?" anafunsa a Edmund. "Ku Kitwe akuyatsa magetsi masana. Kuno thumba la mchere latenga sabata zitatu pamsewu."

"Ine funso langa ndi limodzi," anatero a Matiyasi. "Nsawawa zanga akuti zimakwera sitima kupita kwa azungu. Nanga bwanji ine mwini wake ndilibe ndi njinga yomwe?"

"Ufulu uli ndi zaka zinayi, a Matiyasi," anatero a Whiteson. "Mwana wa zaka zinayi mumamutuma kuchigayo?"

"Wanga amapirikitsa nkhuku. Uyu wanu akupirikitsa chiyani?"

Che Asmani anakhala pachitseko, naika reji yabuluu pabondo, nafotokoza za ku boma. A Edmund, amene akanatha kunena kuti ndinanena ine, sananene, ndipo pa ichi tiyenera kuwathokoza.

"Lamuloli si la inu, Che Asmani," anatero a Whiteson potsiriza. "Tonse tikudziwa amene linapangidwira."

"Ndiye mukawauze kuti si langa."

A Whiteson anatsokomola nthawi yaitali. Chifuwa chawo chinali chanzeru, chinkadziwa nthawi yobwera. "Lamulo lili ngati moto wa kutchire," anatero. "Timayatsira mbewa, koma sufunsa kuti nkhokwe iyi ndi ya yani."

"Nanga a mbali ya uko sakanakulandirani?" anafunsa a Matiyasi mwachifundo chawo chosaganiza.

"Uko ndikadziwa ndani? Agogo anamwalira ndisanamere ndevu."

Anali a Edmund amene anatchula zimene onse anali kuganiza. "Majid ali ndi yobiriwira."

Majid anali mng'ono wawo, bere limodzi, wobadwira mu Fort Jameson chifukwa chongokhala wachitatu. Sanali munthu woipa. Sankamwa, sankaba, ndipo kumzikiti Lachisanu ankafika msanga kuposa ambiri. Vuto lake linali loti ntchito ndi iye sankamvana. Anayesa utelala, maso anawawa. Anayesa kugula fodya, msana unawawa. Anayesa ukondakitala wa basi ya ku Lundazi, nabwerera pa ulendo wachiwiri ati fumbi. Zaka zonsezi ufa wa kunyumba kwake unkachokera m'sitolo ya mkulu wake, ndipo Che Asmani sankadandaula pagulu, poti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Che Asmani anazengereza sabata yathunthu. Anawerenga ana awo aakazi, koma onse anali kwa amuna awo, wina ku Katete wina ku Lusaka, ndipo dzina la mpongozi pa sitolo linali loopsa kuposa la mbale. Pa Loweruka anapita kwa Majid, namupeza atakhala pamphasa akusenda nzimbe.

"Iwe Majid, ndikufuna dzina lako."

Majid anamvetsera zonse, nagwetsa misozi yeniyeni. "Achimwene, inu ndinu bambo wanga. Dzina langa ndi lanu. Tengani."

Lolemba anapitira limodzi ku boma. Zimene zinakanika kwa munthu wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kuseri kwa kauntala zinatheka m'mphindi zosakwana makumi awiri kwa munthu amene sankadziwa kuti shuga amakhala pa shelefu iti. Kalaliki anadinda, Majid anasaina pang'onopang'ono lilime lili panja, ndipo anatuluka.

Zikanathera pomwepo, bwenzi palibe nkhani. Koma masana a tsiku lomaliza la chaka, a Whiteson anawaitanira onse awiri kumbali kwa sitolo, kumene kunali migolo ya palafini.

"Ndikulankhula ngati mnzanu, osati ngati wapampando. Kwabwera mawu oti ena akubwereka mayina. Anyamata a chipani auzidwa kuti aziyang'ana. Mwini laisensi azioneka ndiye akutsegula, ndiye akutseka. Akapeza kuti dzina ndi la wina, makiyi ali ndi wina, sitolo imatsekedwa, ndipo ine sindidzatha kuchitapo kanthu."

"Anyamata ake ndi ati, a Whiteson? Si omwewa ndinkawapatsa masiwiti?"

"Omwewo. Anakula."

Majid anayang'ana pansi, nakanda dothi ndi chala cha kuphazi. "Achimwene, ine sindikufuna. Koma ngati ndi lamulo."

Sanatambasule dzanja, ndipo sanalibisenso. Che Asmani anaona pankhope ya mphwawo manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo anaona kachimwemwe kakang'ono ka munthu amene wakhala wopempha moyo wake wonse. Sanamudzudzule mumtima. Anamasula chingwe cha m'chiuno, nachotsa makiyi awiri, wa loko wamkulu ndi wa chitseko cha kuseri, namupatsa.

"Timatsegula sikisi koloko. Amayi a zitumbuwa amafuna mafuta msanga."

"Sikisi koloko, achimwene. Musadandaule."

M'mawa wa Chaka Chatsopano Che Asmani anadzuka, naswali pemphero la mbandakucha, namwa tiyi, nafika pasitolo sikisi isanakwane. Dzanja linapita lokha m'chiuno, n'kubwerako. Anaima pang'ono. Kenaka anasesa pakhonde ndi tsache la m'nyumba yoyandikana nayo, poti lawo linali mkati.

Seveni inakwana. Amayi a zitumbuwa anabwera awiri, nayang'ana loko, napitirira kumsika. Eyiti inakwana. Anaganiza zopita kukamudzutsa, koma kodi wantchito amakagogoda kwa bwana tauni yonse ikuona? Miyendo itatopa, anakhala pabenchi, pamene sanakhalepo chiikireni.

Aphungu anafika mmodzimmodzi. Aliyense anayang'ana chitseko, nayang'ana Che Asmani, napereka moni wa chaka chatsopano motsitsa mawu. A Matiyasi anasendera kuti awapatse malo okwanira. Patapita kanthawi a Whiteson anayamba, poti kukhala chete kunali kowavuta kuposa kukhala ndi njala.

"Chaka chino ndiye tiona kusintha. Phula la msewu wa ku Lusaka likangotha, katundu azifika tsiku lomwelo."

"Azifika kwa yani?" anafunsa a Edmund, koma analibe mphamvu zawo za masiku onse.

Pamenepo anatulukira mayi Elesi, kasitomala wa zaka zambiri, botolo la palafini lili m'manja, mwana ali kumsana. Anagwada pang'ono monga ankachitira pakauntala.

"Mwadzuka bwanji, Che Asmani? Kodi lero simutsegula? Ndimafuna palafini ndi kamchere."

Anthu atatu aja anayang'ana kumsewu. Che Asmani anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma anaona kuti nkhaniyo iyenera kuyambira pa ulendo wa mayi awo, ndipo analibe mphamvu zoyenda ulendo umenewo kachiwiri.

"Dikirani pang'ono, mayi," anatero. "Eni ake sanabwere."